Njuchi Sizikwera Basi

Anthu ena amamutchula kuti a Kenmochi, ena amati a dalaivala, koma ine ndimangoti Shige. Sindingavutike ndi ulemu pa munthu amene ndinamuona akulira, mamina ali chuchuchu, tsiku lathu loyamba kusukulu nsapato yake itagwera mumtsinje. Dzina lake lonse ndi Kenmochi Shigeharu. Nyumba yake ndi yanga zinayang'anizana kuno ku Tochikubo, pakati pali msewu ndi ngalande, ndipo takhala tikukangana zaka zoposa makumi asanu popanda wogonja.

Zaka makumi atatu ndi chimodzi Shige ankayendetsa basi ya m'chigwa chathu chino. Kanayi pa tsiku ankanyamuka pa siteshoni ya sitima kumunsi, n'kukwera makilomita khumi ndi anayi a msewu wokhotakhota mpaka pamalo omwe timangoti Potembenukira, pomwe phula limathera. Msewuwo ankaudziwa kuposa nkhope ya mkazi wake. Ukamufunsa kuti kuchokera pa mlatho kukafika pakachisi pali mtunda wotani, ankayankha asanameze n'komwe malovu: kilomita imodzi ndi mamita mazana atatu. Anyamata a boma oyeza misewu anabwerapo ndi makina awo n'kupeza zomwezo. Pa nkhani ya nthawi ndiye anali wouma mtima. Tsiku lina anawasiya apongozi ake enieni pa siteji akumanga kathumba kawo, chifukwa choti nthawi inali itakwana. Mayiwo anakhala chaka chathunthu osamuyankha moni.

Potembenukira basi inkaima ola limodzi ndi mphindi makumi anayi isanabwerere. Madalaivala ena ankavula nsapato n'kugona pampando wakumbuyo. Shige ankawerenga. Ali mnyamata ankafuna sukulu ya zaulimi, koma bambo ake anamuuza kuti mapiri ano sadyetsa munthu wa mabuku, apeze ntchito ya malipiro. Anamvera, koma mtima sunamvere. Atakwanitsa zaka makumi anayi ndi zisanu analembetsa maphunziro a pakalata, ndipo digiri yomwe ana amatenga m'zaka zinayi iye anaikoka zaka khumi ndi chimodzi, mabuku atawatsamiritsa pa chiwongolero. Tinkamuseka, ine patsogolo. Iye ankangoti khotekhote n'ngwa njira, kwalinga mtima n'komweko.

Kenako basi inatha. Okwera anali atatsala amayi atatu okalamba ndi thumba la makalata, ndipo kampani inati zakwana. Shige anali ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu. Tonse tinkati tsopano asamuka, chifukwa mawondo a mkazi wake Natsuyo anali atatha. Kuno chipale chofewa chimagwa mpaka kukwirira mawindo, ndipo miyezi inayi yathunthu Natsuyo ankakhala m'nyumba ngati mkaidi, kuopa kuterereka. Mwana wawo Chizuru anali atawapezera kale nyumba mumzinda wa Sendai, kufupi ndi iye, yopanda masitepe. Koma Shige anatulukira ndi kalata ya ku yunivesite: amulandira kuti achite digiri yachiwiri, ya ulimi wogwirizana ndi chilengedwe. Anapempha zaka ziwiri. Natsuyo anandiuza yekha tikumwa tiyi kuti ankafuna kukana, koma ataona mmene mwamuna wake wagwirira kalatayo ndi manja awiri, anavomera. Shige analonjeza kuti zaka ziwiri zikakwana anyamuka, kaya digiri ili m'manja kaya ayi, ndipo m'mudzi muno palibe amene anakayika.

Ine ndine Togashi Fumie, ndipo ntchito yanga ndi kusunga mbewu ya kabu, chomera cha mtundu wa mpiru chomwe timadya muzu wake. Anandisiyira apongozi anga, nawonso anasiyiridwa ndi apongozi awo. Kabu wathu ndi wofiira kunja, woyera mkati, wobulungira ngati nkhonya ya mwana, masamba ake ngati a mpiru. Sitimulimira ndi khasu, sitimuthira feteleza. M'mwezi wa Ogasiti timatentha malo otsetsereka pomwe agwetsa mikungudza, moto kuuyatsira kumtunda kuti utsike mwaulemu, ndipo timafesa phulusa likadali lotentha moti mphira wa nsapato umanunkha. Pofika Novembala timazula n'kumuviika m'migolo ya viniga, shuga ndi mchere. Chaka chilichonse ndimasankha phiri limodzi loti tisazule lonse. Kabu wabwino amagona pansi pa chipale, m'mwezi wa Meyi amachita maluwa achikasu, ndipo mu Juni timapuntha mbewu.

Vuto la kabu ndi loti sasankha mwamuna. Njuchi ikabwera ndi mungu wa repu, wa chayinizi kaya wa kabu wa m'sitolo, iye amangolandira, ndipo ana obadwapo amakhala otuwa, amizeremizere, olimba ngati chitsa. Zikalowa m'mbewu sizitulukanso. N'chifukwa chake m'chigwa muno muli lamulo limodzi lomwe silinalembedwe paliponse: chilichonse cha mtundu wa mpiru chisachite maluwa, kupatula kabu wathu. Kumapeto kwa Epulo amayi timayenda dimba ndi dimba kuzula zonse zomwe zatulutsa timitu ta maluwa. Timazula, sitidula, chifukwa chodula chimaphukanso. Sitiona nkhope. Tinazulapo ndiwo za wansembe wa pakachisi mwini wake ataima pomwepo. Timituto timatiwiritsa n'kudyera pamodzi kuholo ya mudzi, kuti mwini dimba akamapsa mtima azipsa ali wokhuta.

Ndiye taonani kafukufuku amene Shige anasankha. Pali njuchi zina zakutchire zomwe zimakumba timaenje m'nthaka yopsa. Iye ankafuna kudziwa kuti njuchizi zimakonda maluwa ati, ndipo njira yake inali yoti afese kabu wathu pambali pa mitundu ina isanu ya kabu wochokera kutali, pa nthaka yotenthedwa, asiye zonse zichite maluwa, iye akhale pampando n'kumawerenga njuchi. Ankati akasonyeza kuti moto wathu umasunga njuchi ndipo njuchi zimasunga kabu, anthu a m'maofesi omwe amati kutentha phiri n'kutsalira adzatseka pakamwa. Cholinga chinali chabwino, sindikana. Koma kunali kupempha kuti mitundu isanu yachilendo ichite maluwa m'chigwa chathu, chinthu chomwe sindinachionepo chibadwire.

Anabwera nazo ku msonkhano wa mudzi atavala tayi. Anati aphunzitsi ake, mayi Urushibara, amuuza kuti pakakhala makilomita awiri pakati pa minda, mungu sufika. Iye afesa Potembenukira, kutali ndi nyumba zonse. Mwa mapiri omwe tinkafuna kutentha chaka chimenecho, loyandikira kwambiri linali la Sarukura. Ine ndinaimirira n'kufunsa kuti kuchokera Potembenukira kukafika ku Sarukura pali mtunda wotani.

"Makilomita atatu ndi mamita mazana anayi," anatero Shige.

Holo yonse inagwedeza mitu kuvomereza. Ndani akanatsutsana ndi Shige pa nkhani ya mtunda? Komanso miyendo yathu inkachitira umboni: kuchoka Potembenukira umatsika mpaka pa mlatho, kuwoloka, n'kukweranso tsidya linalo thukuta lili kamukamu. Inenso ndinagwedeza mutu. Ndikunena izi kuti pasakhale wina woganiza kuti cholakwa chinali cha Shige yekha.

Sukuluyo inamuyanja. Katatu pa sabata ankatsika kutauni pa kagalimoto kake koyera, n'kufika m'kalasi mphindi makumi awiri mphunzitsi asanalowe. Anzake a m'kalasi anali aang'ono kuposa Chizuru. Poyamba ankamuweramira poganiza kuti ndi mphunzitsi wamkulu, kenako atazindikira kuti kompyuta imamuzunza anayamba kumuthandiza, iye n'kumawabwezera powayendetsa pa minibasi ya sukulu akamapita kokaona minda. Zolemba za Chingerezi ankaziwerenga tsamba limodzi pa tsiku, dikishonale ili pabondo. Akabwera ku shedi yathu ya migolo ankatidzaza m'makutu ndi mawu ataliatali, ife n'kumamufunsa kuti, a pulofesa, kodi mawuwo mumawathira mchere wochuluka bwanji? Sankakwiya.

Ulendo wina anamupatsa ntchito yoti afufuze komwe chakudya cha m'mudzi mwake chimachokera. Anayenda khomo ndi khomo ndi kope, kupempha amayi kuti amutsegulire furiji. Kwathu anatulutsa zonse n'kuziyala patebulo, kuwerenga timapepala ta pachinthu chilichonse, ndipo anandiuza ndi nkhope yachisoni kuti pa zinthu khumi ndi zinayi, za m'chigwa muno ndi ziwiri zokha, mpunga ndi kabu. Nyemba zinali zochokera kutsidya kwa nyanja, nsomba yochokera dziko lomwe sindingalitchule. Ndinamuuza kuti azibwezere momwe wazipeza zisanaonongeke. Koma kunena zoona, kuyambira tsiku limenelo ndinayambanso kudzala nyemba kuseri kwa nyumba, ndipo sindinamuuze chifukwa chake. Munthu uja anali wosangalala, ndipo ngakhale ndinkamuseka, zinkandikomera kumuona akuyenda ngati mnyamata.

Kamunda kake tinamuthandiza kutentha mu Ogasiti, titathira kaye pansi kamowa ka mpunga kupempha phiri, monga timachitira pa moto uliwonse. Anakagawa m'tizigawo, kalikonse ndi kachikwangwani kake, mizere yowongoka ngati ya pamsewu. Ku Sarukura kabu anabereka bwino kuposa kwina konse, choncho ndi komwe ndinasankha kusiya wa mbewu. Chipale chinabwera n'kukwirira zonse, wa Shige ndi wanga yemwe. Iye miyezi yozizirayo anaithera pa kuloweza zithunzi za njuchi, ndipo anafukula kachipangizo kodina ndi chala komwe kale ankawerengera okwera basi, n'kukathira mafuta. Nyengo yomweyo Natsuyo anagwa pakhomo penipeni, n'kukhala sabata zitatu osapinda mwendo. Sanadandaule. Anangondiuza kuti yatsala nyengo imodzi ya chipale.

Chipale chitasungunuka, odula mitengo anagwetsa mikungudza yomwe inali kumunsi kwa munda wa mbewu ku Sarukura, kukonzera moto wotsatira. Kutatsala masiku awiri kuti amayi tiyende m'madimba, ndinakwera kukaona maluwa. Kabu anali atatalika kufika m'chiuno, timitu titatupa koma tisanatseguke. Ndinakhala pa chitsa chatsopano n'kutulutsa mpunga wanga woumba kuti ndidye. Pamalo pomwe moyo wanga wonse ndinkaona mitengo yokhayokha panali pambalambanda. Ndinayang'ana tsidya lina la chigwa, ndipo ndinaona kagalimoto koyera, kamunda ka tizigawo, ndi munthu atakhala pa kampando kopinda, atavala chipewa cha kampani ya basi.

Anali pafupi moti chipewacho ndinachizindikira. Ndinaitana kamodzi kokha, osakuwa kwenikweni. Anatembenuka, kundifunafuna ndi maso, ndipo atandiona anakweza dzanja n'kumaligwedeza mosangalala ngati mwana. Ine langa sindinakweze. Mpunga ndinaubweza m'kansalu.

Ndinayenda wapansi makilomita atatu ndi mamita mazana anayi aja, ndipo ananditengera pafupifupi ola. Panjira ndinaganiza zambiri, zina zochititsa manyazi. Ndinaganiza zongokhala chete. Mwina mphepo ikanatithandiza, mwina njuchi zikanachita ulesi, ndipo ngakhale mbewu ikanasakanikirana, zikanadzaoneka mu Novembala, Shige atawerenga kale njuchi zake. Ndinafika pa mlatho ndili ndi maganizo amenewo. Koma ndinakumbukira apongozi anga akundimenya padzanja chifukwa ndinasiya kabu mmodzi wotuwa m'munda wa mbewu, ndipo ndinadziwa kuti sindingathe. Mbewuyo si yanga. Ndinakwera chitunda chotsalacho ndili wokwiya, ndipo sindikudziwa kuti ndinkakwiyira ndani.

Ndinamupeza atavula chipewa, atachiika pabondo, akuyang'ana ku Sarukura. Kope lake lolembamo njuchi linali pansi, mizere atajambula kale, mopanda nambala ngakhale imodzi.

"Wabwera wapansi?" anandifunsa.

"Ndikanakwera chiyani? Basi paja munaithetsa."

"Mawu ako anafika kuno ola lathunthu iwe usanafike," anatero, osandiyang'ana. "Ndakhala ndikuyeza ndi maso. Sapitirira mamita mazana asanu."

Ndinakhala pansi pambali pake ndili wefuwefu. Mawu onse aukali omwe ndinakonza panjira analibenso ntchito.

"Sindinaname, Fumi. Ndi makilomita atatu ndi mamita mazana anayi."

"Sunaname," ndinatero. "Koma njuchi sizikwera basi."

Anaseka pang'ono, kuseka kwa m'mphuno. Munthu wophunzira za njuchi chaka chathunthu, wodziwa maina awo a Chilatini, n'kuiwala kuti zilibe msewu. Kenako anaimbira foni mayi Urushibara. Ndinkamva mbali yake yokha, koma nkhani inali yosavuta kutsata. Aphunzitsiwo anati bwanji aphimbe kamundako ndi maukonde, Shige n'kuwakumbutsa mwaulemu kuti ukonde wotsekereza mungu utsekerezanso njuchi zomwe akufuna kuwerenga. Kenako ndinamumva akuwauza kuti asapepese, nambala anapereka ndi iye. Anawerama katatu foni ili kukhutu, ngati kuti akumuona.

Atatseka foni anandifunsa kuti ku Sarukura maluwa atseguka liti. Ndinati masiku atatu kapena anayi. M'kamunda kake, mtundu umodzi unali utayamba kale kuonetsa chikasu kunsonga.

"Nanga m'chitini mwako mwatsala mbewu yochuluka bwanji?"

Ndinamva chomwe ankapempha. Ndikanazula ine wa ku Sarukura, mudzi n'kudzafesa mbewu yosunga, iye akanawerenga njuchi zake mwamtendere. Ndinamuuza zoona: yatsala ya phiri limodzi, ndiponso ndi ya zaka ziwiri zapitazo, theka mwina silimera. Anagwedeza mutu. Pa zaka zonse zomwe ndamudziwa, aka ndi kokha kamene Shige anapemphapo kuti lamulo limukhotere, ndipo sanabwereze.

"Amayi anzako ozula aja usawatumize kuno," anatero. "Adzandipondera zikwangwani." Anayang'ana wotchi n'kuimirira. "Teni koloko. Tikayamba pano, wani koloko tamaliza."

Tinazula awirife, kabu mazana asanu ndi limodzi. Iye ankazula mzere ndi mzere, kugwedeza dothi kumizu, kuunjika mtundu uliwonse pawokha ngati kuti pali wina adzafunse. Anasiya tizigawo ta kabu wathu tokha. Kutatsala mphindi zisanu kuti wani koloko ikwane tinali titamaliza, ndipo njuchi imodzi yakuda inabwera n'kumazungulira mulu wa masamba. Shige anaitchula dzina lake lalitali lija, kenako anati, "Mwachedwa, mayi, basi yapita."

Pa tsiku lomwe amayi tinayenda m'madimba, Natsuyo anabwera kuholo ndi mbale zisanu za timitu towiritsa, iliyonse ndi kachikwangwani kake ka kumunda. Palibe amene anatchula za msonkhano uja, poti aliyense ankakumbukira mutu wake ukugwedezeka. Tinadya, n'kumanyoza kuti kabu wochokera kumzinda wa Kyoto ndi waulemu kwambiri, m'kamwa samveka. Shige anadya nafe ndipo anawonjezera kawiri.

Tinkaganiza kuti afesanso kwina mu Ogasiti. Nayenso ankaganiza choncho. Mwezi wonse wa Juni anauthera pa mapu a boma, rula ndi kampasi ya ana asukulu, kufunafuna malo otalikirana makilomita awiri ndi mapiri onse omwe timatentha, ulendo uno poyeza mmene njuchi iulukira. Sanawapeze. Msewu wake wautali uja unapezeka utapindikapindika m'kachigwa kakang'ono ngati matumbo a nkhuku. Kunja kwa chigwa malo alipo, koma kumeneko palibe amene amatentha phiri, ndiye funso lake linalibe pokhala. Anabwera ndi mapuwo ku shedi atajambulapo mizere yofiira yozungulira phiri lililonse, n'kundisonyeza kuti mizereyo ikuthera kumunsi pa kachiboliboli kamwala, pomwe amayi timabwerera chaka chilichonse tikamazula. Maso ake anali owala ngati wapeza golide. Ndinamuuza kuti zimenezo tinkazidziwa kale.

"Mukanadziwa simukanagwedeza mitu," anandiyankha.

Ndinabwerera ku migolo yanga.

Mayi Urushibara ataona mapuwo anabwera okha kumudzi. Ndi munthu wamng'ono thupi, wa nsapato zamatope, msinkhu wa Chizuru, ndipo ndinawakonda. Anakhala m'nyumba mwa Shige masana onse, ine ndili pomwepo ngati wothira tiyi. Anati mapuwo ndi chiyambi cha kafukufuku wabwino kuposa woyamba uja: alembe za lamulo la maluwa, afunse okalamba, atsate mbewu nyengo ziwiri. Chofunika ndi zaka zina ziwiri pamwamba pa zomwe analonjeza. Woyamba kuyankha anali Natsuyo. Anati, bambo, vomerani, mawondowa ndi anga, ndipirira. Ndinaona kuti akunena zochokera mumtima, komanso ndinaona mmene anagwirira m'mphepete mwa tebulo kuti asinthe mwendo.

Shige anaonanso. Anathokoza aphunzitsi ake, mutu mpaka pamphasa, kenako anatembenukira kwa mkazi wake.

"Amayi ako ndinawasiya pa siteji chifukwa cha mphindi imodzi. Ndiye ine ndidzidikire zaka ziwiri?"

Sabata yotsatira anakapereka kalata yosiya sukulu. Anati popeza palibenso chodikira, anyamuke chipale chisanagwe, Natsuyo apulumuke nyengo imodzi. Ine ndinamukalipira, ndinamutcha wouma mutu, ndinati zaka khumi ndi ziwiri za mabuku akuzitaya m'ngalande. Anandisiya ndilankhule mpaka nditatopa, n'kundipempha misomali inayi yokhomera mapu kukhoma la shedi. Mapuwo alipobe, ayamba kuda ndi nthunzi ya viniga, ndipo ndisanasankhe phiri la mbewu ndimayamba ndayang'anapo, anzanga akapita kokasamba m'manja.

Mbewu ya ku Sarukura tinali titapuntha mu Juni, ndipo inatuluka yambiri. Pa moto wa Ogasiti ndinachita chinthu chomwe chikanawadzutsa apongozi anga m'manda: thumba lofesera, lomwe siligwiridwa ndi munthu wa nyumba ina, ndinamupatsa Shige. Anafesa ngati akuyendetsa basi pamsewu woterera, pang'onopang'ono, kuyang'ana uku ndi uku, phulusa likumufika m'akakolo. Ndinamukalipira kuti akuchedwa, phulusa lizizira. Sanafulumire.

Komabe mtima wanga sunakhale pansi mpaka nthawi yozula, chifukwa mbewu sinena za mumtima mwake ili m'chitini. Chaka chimenecho ndinayang'ana kabu aliyense wolowa mu shedi, kumutembenuza, ena kuwadula pakati, mpaka anzanga anati ndikuchedwetsa migolo. Mapiri atatu tinazula, ndipo wotuwa sanapezeke ngakhale mmodzi.

Anasamuka m'mawa wa tsiku lachisanu ndi chitatu la Novembala. Lole ya katundu inali itatsogola, Natsuyo atakhala kale m'kagalimoto koyera, bulangeti pamawondo. Anthu anabweretsa mphatso zawo zokulunga bwino. Ine ndinabweretsa kabu mmodzi wosaviika, dothi likadali kumchira. Shige anamulandira ndi manja awiri. Anamuyang'ana mmene ndimayang'anira ine: mapewa athyathyathya, mchira woonda, khungu lofiira lopanda mzere. Anatulutsa kampeni, kumudula pakati, kuona kuyera kwa mkati, n'kuluma.

"Bwanji?" ndinamufunsa, ngakhale ndinkadziwa.

Anatafuna nthawi yaitali.

"Wakhoza," anatero. "Bola m'chigwa muno mmodzi wakhoza mayeso."

Ndinafuna kumuyankha mokhadzula monga mwa masiku onse, koma ndinalira pamaso pa mudzi wonse, ine amene sindinalire pamaliro a apongozi anga. Shige anapereka theka linalo kwa Natsuyo n'kuyang'ana wotchi. Inali naini koloko kupitirira mphindi khumi, nthawi yomwe basi yam'mawa inkanyamukira pakhomo pathu, ndipo sanandidikire kuti ndipukute misozi.